Tinakaona Major Oak ku Sherwood

Loweruka lina mu October, ife a gulu la Amalawi a ku Leicester tinadzaza minibasi kupita ku nkhalango ya Sherwood, pafupi ndi mudzi wa Edwinstowe ku Nottinghamshire. Tinanyamuka mochedwa chifukwa mpunga wa kamba unakana kupsa, koma zimenezo tizisiye.

Tinkafuna kuona Major Oak, mtengo wa oki umene unatenga dzina kwa Major Hayman Rooke, yemwe anaufotokoza mu 1790. Akuti uli ndi zaka pakati pa 800 ndi 1,000, ndipo thunthu lake kuzungulira ndi mamita pafupifupi 10. Nthambi zake anazichirikiza ndi mizati ngati gogo woyendera ndodo, ndipo anaumangira mpanda kuti mapazi a alendo asamaumbike dothi la pamizu. Amayi ena atangouona anati, "Ndiye ndi umenewu? Mlambe wa ku Mangochi ungauseke." Sindinawatsutse.

Ine chimene chinandigwira mtima si kukula kwake ayi, koma zimene tinkaponda. Mtundu umenewu, Quercus robur, umayoyola masamba onse nyengo yozizira ikamayandikira, pomwe kwathu mitengo imavula chifukwa cha chilimwe. Ndinatola tsamba limodzi lofiirira: m'mbali mwake mokhotakhota, phesi lake lalifupi kwambiri, ndipo patsinde pali tizinthu tiwiri ngati timakutu. Koma njere yake, yokhala m'kachipewa kokakala, imalendewera pa phesi lalitali. Mtundu unzake, Quercus petraea, ndi wotembenuza: tsamba ndilo la phesi lalitali, njere zimamatirira panthambi. Abambo awiri a m'gulu lathu anakangana mpaka thukuta pa mtengo wina wa m'mbali mwa njira, tsamba lili m'manja, aliyense akuti wapambana.

Mtengowu sufulumira. Umayamba kubereka utakwanitsa zaka pafupifupi 40, maluwa ake ndi timichira tobiriwira, ndipo mungu umauluka ndi mphepo. Wodzala wamkulu ndi mbalame ya jay, imene imakwirira njerezo kuti idzadye m'nyengo yozizira, n'kuiwala zina.

Za Robin Hood, chigawenga cha m'nthano chimene amati chinkabisala m'nkhalangoyi, ana okha ndiwo anazisamala. Pobwerera, mwana wanga anatulutsa njere zisanu ndi ziwiri m'thumba la jekete, akuti akadzala kwa agogo ku Dedza. Ndinamuuza kuti pabwalo la ndege sangamulole, ndiye zili m'chitini cha dothi pakhonde.