Za Japan zandilowa tsopano: nkhani yagona pa nambala yapansi

Mtima wanga wakhala m'malo. Funso la asayimenti yathu ya macro (phunziro la chuma cha dziko lonse), lakuti kodi chuma cha Japan chikulowa pansi ndipo moyo wa anthu ake ukutsika, landizunguza mutu semesita yonseyi, koma ndapeza pomwe pagona nkhani. Si pa GDP yeniyeniyo (mtengo wa katundu ndi ntchito zonse zimene dziko lapanga pachaka) ayi, koma pa nambala imene timaika pansi pa mzere tikamagawa. Ukasintha nambala yapansiyo, dziko lomwelo m'zaka zomwezo limaoneka lodwalika kapena lathanzi ndithu.

 Mbiri ya chuma cha Japan mukuidziwa. Mu 1968 Japan inadutsa West Germany pa kukula kwa chuma. Pangano la Plaza la mu 1985, limene mayiko olemera anagwirizana kufooketsa dola, linakweza mphamvu ya yen, ndalama ya ku Japan, banki yaikulu ya dzikolo inatsitsa chiwongoladzanja kuti mafakitale asafooke, ndalama zotchipazo zinathamangira kogula malo ndi masheya, ndipo pa 29 Disembala 1989 Nikkei, muyeso wa mitengo ya masheya ku Japan, inatsekera pa 38,915. Nambala imeneyi sinaonekenso mpaka Febuluwale 2024, patadutsa zaka 34. Mu 2010 China inalanda malo achiwiri padziko lonse. Mu 2023 Germany, ya anthu pafupifupi 84 miliyoni okha, inalandanso achitatu. Munthu akaona zimenezi zitandandalikidwa chonchi yankho limangobwera lokha, lakuti Japan yatha. Ambiri m'kalasi mwathu alemba zomwezo, ndipo sindikuwadabwa.

Tsopano taonani izi. Kuyambira 1991 kufika 2019, GDP ya Japan, titachotsapo kukwera kwa mitengo, inkakula mosafika 1 peresenti pachaka. Ya America inkakula ndi pafupifupi 2.5. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, makamaka poti kumaberekana chaka ndi chaka. Koma m'zaka zomwezo anthu a zaka 15 mpaka 64, amene timawawerenga kuti ndi a msinkhu wogwira ntchito, ku America ankachuluka chifukwa cha ana obadwa komanso anthu olowa m'dzikomo kuchokera kunja, pamene ku Japan ankachepa. Anachuluka kwambiri cha mu 1995, pomwe anafika pafupifupi 87 miliyoni. Lero ali pafupifupi 74 miliyoni. Anthu 13 miliyoni achoka pa mndandanda popanda nkhondo, popanda mliri, ukalamba basi ndi ana amene sanabadwe.

Ndiye gawani GDP ndi anthu a msinkhu umenewu m'malo mogawa ndi anthu onse. Japan imatuluka ikukula ndi pafupifupi 1.4 peresenti pachaka. America imangopitirira 1.6 pang'ono. Kusiyana kuja kumene kumatichititsa kunena kuti dziko latha kumangotsala kadontho. Sikuti ndatulukira ine, akatswiri ngati Jesús Fernández-Villaverde ndi anzake analemba kale za zimenezi, koma kuwerenga kuti wina anapeza ndi kuziona zikutuluka pa kompyuta yako n'zosiyana kutalitali. Nditaona manambalawo ndinadzuka pampando.

Zinakhazikika bwino m'mutu nditaganiza za kumunda. Banja lili ndi makasu asanu ndi limodzi, limakolola matumba 60. Zaka zikupita, awiri akalamba n'kusiya khasu, ndipo palibe mwana wolowa m'malo mwawo. Anayi otsalawo akolola matumba 62. Woyang'ana nkhokwe adzati banja ili laima, zaka zonsezi n'kungowonjezera matumba awiri okha. Woyang'ana makasu adzaona kuti aliyense wachoka pa matumba 10 kufika pa 15 ndi theka. Onse awiri awerenga molondola. Koma amene akufunsa ngati alimiwo afooka ayenera kumvera wachiwiriyo.

Njira imene yanditsegula maso ndi yosavuta moti mpaka ikundikwiyitsa. Koperani manambala pa tsamba la World Bank, tsegulani Excel, chaka choyambira chiikeni pa 100 pa chilichonse, kenako jambulani mizere itatu pa galafu imodzi: GDP yonse, GDP pa munthu aliyense, ndi GDP pa munthu wa msinkhu wa ntchito. Pa America mzere wa GDP yonse ndi umene umauluka pamwamba, iwiri inayo ikutsalira m'munsi. Pa Japan zimatembenuka. Mizere iwiri yoyambayo imayenda chogundana, popeza chiwerengero cha anthu onse sichinasinthe kwenikweni pakati pa 1991 ndi 2019, ndiye wachitatu uja umayamba kupatuka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 n'kumakwera wokha. Mukaika magalafu awiriwa pafupi, simufunikanso munthu wokufotokozerani.

Ine ndikuti wophunzira zachuma aliyense akanamayamba ndi zimenezi asanaone n'komwe IS-LM, galafu ya m'kalasi yolumikiza chiwongoladzanja ndi zimene dziko limapanga. Theka la mikangano ya pa wailesi ndi pa Facebook yakuti dziko lakuti lagwa, dziko lakuti ladzuka, likanathera pa mizere itatu imeneyi. Ndayamba kale kuikamo Italy. Ndikufuna ndiikemonso South Korea, kumene mu 2023 chiwerengero cha ana pa mayi mmodzi chinatsika kufika pa 0.72, ndi China, imene anthu ake anayamba kuchepa mu 2022. Ndikukhulupirira kuti palibe funso la kukula kwa chuma limene njira imeneyi ingalephere kuliwalitsa, ndipo amene akutsutsa ayambe waiyesa kaye.

Nanga zija za Germany kudutsa Japan? Imeneyonso ndi nambala yapansi, ya mtundu wina chabe, mtengo wa dola. Mu 2012 dola imodzi inkagula ma yen pafupifupi 80, ndipo GDP ya Japan inali yoposa madola 6 thiliyoni. Mu 2023 dola inkagula pafupifupi 140, GDP n'kuoneka ngati 4.2 thiliyoni. Mu Julayi 2024 dola inadutsa 160. Mafakitale a Toyota ku Aichi sanatseke gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito yawo m'zaka zimenezi. Chinachitika n'chakuti Bank of Japan, banki yaikulu ya dzikolo, inasunga chiwongoladzanja pansi pa ziro kuyambira 2016 mpaka Malichi 2024, pamene Federal Reserve, banki yaikulu ya America, inakweza chake kupitirira 5 peresenti, ndipo ndalama zimathamangira kumene kuli phindu. Ife kuno sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, fodya ndi chimanga zimene tinakolola chaka chimenecho sizinachepe, koma chuma chathu chikawerengedwa m'madola chinafota tsiku lomwelo.

Chimene chikundiwawa n'chakuti zonsezi zikanatheka kuzimva kumayambiriro kwenikweni. Aphunzitsi athu anatha masabata ambiri pa kutsika kwa mitengo ndi liquidity trap (pamene kutsitsa chiwongoladzanja sikudzutsanso chuma), bolodi lonse masamu okhaokha, ife n'kumakopera. Za chiwerengero cha anthu zinali pa silaidi yomaliza, nthawi itatha kale, anthu akulongedza mabuku, ndipo anangoti tikawerenge tokha. Nditakweza mkono tsiku lina kufunsa ngati ukalamba wa anthu sukusokoneza kuyerekeza kwathu, anandiyankha kuti funsolo ndi labwino koma ndi la kosi ina. Kosi inayo ili chaka chamawa! Sindikuwanyoza, ndi munthu wodziwa zinthu, komanso kalasi yathu ndi yaikulu moti wokhala kumbuyo amangomva theka la zonenedwa. Koma funso la asayimenti analemba ndi iwo omwe, ndipo kiyi wake anamusiya m'kosi ina. Ndiye uziwonjezerapo kuti manambalawo umakopera ndi bandulo yogula wekha, usiku, ukupemphera kuti magetsi asazime fayilo isanathe kutsika, mawa lake kuli mayeso a statistics. Nthawi yoti munthu ukhale pansi n'kuganiza kulibe. Timangothamangitsa madeti operekera ntchito, kumvetsa kumabwera pambuyo ngati kwabwera n'komwe.

Basi, ndibwerere ku nkhani. Nditaonetsa galafu yanga ku gulu lathu la zokambirana, mnzathu wina, mtsikana amene salola kanthu kadutse osakafufuza, anaiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Achimwene, nanga agogo aja akuyendetsa matakisi ku Tokyo mwawaika pati?" Ankatanthauza kuti ku Japan anthu oposa 9 miliyoni a zaka 65 kupita m'tsogolo adakagwirabe ntchito, pafupifupi mmodzi mwa anayi a msinkhu umenewo. Zimene akupanga zili pamwamba pa mzere wanga, koma iwowo pansi palibe. Azimayi nawonso analowa ntchito ambiri, makamaka kuyambira nthawi ya nduna yaikulu Shinzo Abe cha mu 2012. Choncho mbali ina ya kukwera kwa mzere wanga wachitatu sikuti munthu aliyense akupanga zambiri, koma kuti anthu ambiri akugwira ntchito, ena mpaka ukalamba. Ndinamuyankha kuti, chemwali, zimenezonso ndi mphamvu ya chuma, dziko lotha kupezera ntchito okalamba ndi azimayi silinafe. Ndikuonabe kuti yankho limenelo ndi loona. Koma iye sanasiyire pomwepo. Anati m'banja langa la makasu lija olima ndi anayi, koma odya adakali asanu ndi mmodzi.

Pamenepo ndiye pali fupa. Funso lili ndi mbali ziwiri, chuma ndi moyo wa anthu, ndipo munthu sadya GDP ya msinkhu wogwira ntchito. Ukayang'ana moyo, zinthu zina zikuoneka bwino kwambiri. Anthu amakhala ndi moyo zaka pafupifupi 84, osowa ntchito ndi pafupifupi 2.5 peresenti, chiwerengero chimene mayiko ambiri a ku Ulaya amangochilota. Koma malipiro, ukachotsapo kukwera kwa mitengo, sanasunthe kwenikweni kuchokera m'zaka za m'ma 1990, ndipo kuyambira 2022 anatsika mwezi ndi mwezi kwa zaka zoposa ziwiri. Oposa mmodzi mwa atatu olembedwa ntchito ali pa ntchito zosakhazikika, za maola ochepa kapena za kontirakiti. Ndiponso zija ndanena kuti kugwa kwa yen ndi nkhani ya kawerengedwe chabe ndi zoona kufika pena pake basi. Japan imagula kunja pafupifupi mafuta ake onse ndi chakudya choposa theka, ndiye yen ikafooka wolipira ndi mayi amene ali pamzere mu shopu. Zimenezinso ife tikuzidziwa bwino, tinaziona pa mtengo wa feteleza.

Mu 2025 mpunga, umene amalima okha, unakwera pafupifupi kawiri poyerekeza ndi chaka chapitacho, thumba la makilogalamu 5 n'kudutsa ma yen 4,000. Boma linachita kutsegula nkhokwe zake za mpunga wosungira nthawi ya mavuto. Nduna ya zaulimi, Taku Eto, inanena pagulu kuti iyo sinagulepo mpunga chifukwa oitsatira amaipatsa wambiri, ndipo mu Meyi chaka chomwecho inatula pansi udindo. Anthu amene moyo ukuwayendera myaa sachotsetsa nduna chifukwa cha nthabwala ya mpunga.

Kutsogolo nakonso sikukupatsa chilimbikitso. Anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo ali kale pafupifupi 29 peresenti ya dziko lonse. Mu 2024 ana obadwa kwa nzika za Japan sanafike 700,000. Kalembera wa nyumba wa mu 2023 anapeza nyumba 9 miliyoni zopanda anthu. Ngongole ya boma ndi yoposa kawiri GDP, ngakhale kuti yambiri ndi ya m'dziko momwemo ndipo pafupifupi theka la mabondi (zikalata za ngongole) a boma ali m'manja mwa Bank of Japan, nkhani imene ikufunika asayimenti yakeyake. Mlimi aliyense akhoza kumakolola zambiri chaka ndi chaka, koma ngati gawo la zokolola lopita kwa okalamba ndi kuchipatala likukula mofulumira kuposa pamenepo, chotsala m'manja mwake sichikula.

Mbali yoyamba ya funso ndikuona kuti ndaigwira, ndipo palibe angandisunthe: chuma cha Japan sichinagwe, chikuoneka choima chifukwa manja ogwira ntchito akuchepa ndipo yen yafooka. Mbali yachiwiri ndiye sindikudziwa choti ndilembe. Moyo sunatsike monga umatsikira dziko likagwa, koma wachinyamata wa ku Osaka amene malipiro ake sakusiyana kwenikweni ndi amene bambo ake ankalandira pa msinkhu womwewo, kodi tinganene kuti zake zikuyenda? Kuima pamalo amodzi zaka 30 pamene anzako akupita patsogolo, n'kutsika kapena ayi? Pali chinanso chimene chandisowetsa mtendere. Ukagawa GDP ndi maola amene anthu agwira, Japan imakhala yomaliza mwa mayiko asanu ndi awiri olemera a G7, ndipo yakhala ili pamenepo zaka zambirimbiri. Ndikudziwa kuti kumeneko n'kuyerekeza mlingo umene mayiko afika pamene ine ndimayerekeza liwiro la kukula, ndiye mwina sizikutsutsana. Mwina. Ngati wina wa inu anajambulapo mzere wa maola kuyambira 1991, anditumizire ndione ngati ukutsata wachitatu wanga uja kapena ukupatuka, chifukwa gawo lomaliza la asayimentiyi sindinaliyambe.