Magetsi a nyukiliya akudula pa ntchito yomanga

Abale, nkhani ya Hinkley Point C, siteshoni ya magetsi a nyukiliya yomwe ikumangidwa ku Somerset, ku Britain, ikundidetsa nkhawa. Boma litavomereza ntchitoyi mu 2016, ankati idya mapaundi 18 biliyoni. Pofika 2024, kampani ya EDF, yomwe ikumanga siteshoniyi, inanena kuti idutsa mapaundi 30 biliyoni, ndipo magetsi ake sanayambe kutuluka.

Chimene chimadulitsa nyukiliya si yureniyamu ayi, ngati amene amakumbidwa ku Kayelekera ku Karonga. Ameneyo amatenga kagawo kochepa chabe pa mtengo wonse. Vuto lili pa kumanga. Ngongole imabereka chiwongoladzanja zaka zoposa khumi siteshoni isanagulitse ngakhale yuniti imodzi, ndipo wolipira pamapeto ndi banja lomwe limagula magetsi. Boma linalonjeza EDF mapaundi 92.50 pa megawati-awa (mayuniti 1,000 a magetsi) kwa zaka 35, pomwe mu 2022 makampani opanga magetsi ndi mphepo ya panyanja anavomera mtengo wosafika mapaundi 40.

Sindikuikana nyukiliya. Imayaka usana ndi usiku, mphepo ikaleka kapena dzuwa likalowa, ndipo siteshoni imeneyi akuti ikhala zaka 60. Koma ondiuza kuti ndi yotchipa ayambe andionetsa chiwongoladzanjacho.