Buku la malangizo limene sungafufuzemo mawu

Pulogalamu ya pa kompyuta imene ndinkakonza ikuyenda tsopano, koma mkwiyo sunandithere. Ntchito yake inali yaing'ono: kutenga madeti ochokera m'makina ena olembera nthawi n'kuwalowetsa mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu. Chimene chinandidyera tsiku lathunthu ndi buku la malangizo la laibulale (zigawo za pulogalamu zolembedwa kale) imene inabwera ndi makinawo.

Bukulo linali PDF, koma masamba ake anali zithunzi zojambulidwa pa sikana. Ukadina Ctrl+F kuti ufufuze mawu n'kulemba dzina la function (kachigawo ka pulogalamu kogwira ntchito imodzi), sipatuluka kanthu. Kumapeto kwake kunalibe mndandanda wa mawu wokulozera tsamba. Ndinkangofuna kudziwa kuti deti likubwera lolembedwa motani, mzere umodzi wokha, koma ndinachita kuwerenga tsamba ndi tsamba mpaka maso kuwawa. Amene analemba bukulo anagwira ntchito ndithu, zonse zilimo. Koma munthu amene pulogalamu yamuimira sawerenga kuyambira koyamba. Amabwera ndi liwu limodzi m'manja, ndipo amafuna kuti liwulo limufikitse pamalo pake.

Mukakumana ndi zotere musavutike ngati ine. Lipititseni kaye bukulo mu OCR, pulogalamu yozindikira zilembo pa chithunzi, monga Tesseract kapena OCRmyPDF, kuti zithunzizo zisanduke mawu ofufuzika. Samalani pokha kuti nthawi zina imasokoneza l ndi 1, O ndi 0, ndiye dzina likakanika kupezeka yesani theka lake.

Nditapeza mzerewo, vuto linasamukira ku Python. Madeti ankathera ndi chilembo Z, kutanthauza nthawi ya UTC (nthawi imene dziko lonse limawerengerapo), ndipo function yowerenga madeti ya datetime.fromisoformat inkawakana ndi uthenga wa vuto wotchedwa ValueError. Apa ndiye ndinapuma. Pa docs.python.org ndinangolemba dzinalo m'kabokosi kofufuzira, ndipo pansi pa malongosoledwe ake panalembedwa kuti zinasintha mu Python 3.11; zakale kuposa imeneyo sizilandira Z. Kompyuta imene pulogalamuyo imayendera ili ndi Python yakale kuposa imeneyo. Kusintha Z kukhala +00:00, yomwe imatanthauza chimodzimodzi, basi, nkhani yatha. Mphindi zochepa chabe, pamene buku lija linanditengera kuyambira m'mawa.

Onani version yanu, nambala ya Python imene muli nayo, musanawerenge chilichonse. Lembani python --version, kenako pamwamba pa tsamba la malangizo sankhani nambala yomweyo.

Pali china chimene ndikanayamba nacho: pakati pa zonsezi intaneti inaduka. Chinandipulumutsa n'chakuti Python imayenda ndi malangizo ake. Mukalemba python -m pydoc -k date, imakusakirani ma module (zigawo za Python) amene mawu ofotokozera ake ali ndi liwulo, ndipo python -m pydoc -b imatsegula malangizowo mu browser popanda intaneti. Kuchokera pamenepo ndaikanso Zeal, imene imasunga malangizo a zilankhulo zambiri za pulogalamu pa kompyuta pompo. DevDocs nayo imatha kugwira ntchito intaneti kulibe, bola mwatsitsiratu zimene mukufuna. Koma ngakhale m'menemo, onani version. Mukatsitsa ya 3.12 pamene makina anu ali pa 3.9, mudzakhulupirira zinthu zimene kwa inu sizinafike.

Buku lija likundipwetekabe mtima. Poyamba linalembedwa pa kompyuta, mawu ake anali ofufuzika, wina n'kulisindikiza papepala n'kulijambulanso. Ndawalembera eni ake kuwapempha fayilo yoyambirira, ndipo podikira yankho ndikudzilembera ndekha mndandanda wa ma function onse ndi masamba ake, kuti mnzanga amene adzaigwire ntchitoyi pambuyo panga apeze poyambira.