Ine ndinangotcha dzina, namondwe si wanga

Banja lathu linagamula kuti ine ndisadzatchenso mwana dzina, kaya wa m'bale, kaya wa mnansi, ngakhale mwana wa mbuzi. Mlandu unakambidwa pansi pa mtengo wa nimu kumudzi kwathu, kufupi ndi Bangula, ndipo mpaka lero ndikuti anandilakwira.

Kwathu kuno khanda silitchedwa dzina tsiku lobadwa. Timadikira mchombo ugwe, zomwe zimatenga sabata kapena kupitirira pang'ono, mayi ndi mwana ali m'chikuta. Ukagwa amamumeta tsitsi lobadwa nalo n'kumutulutsa panja, ndiye wotcha dzina amabwera. Sabwera chimanjamanja: pamafunika nsalu yoberekera, sopo, mafuta odzola ndi kandalama kapamwamba. Ife ndife Asena, mwana ndi wakuchimuna, choncho dzina limachokera kwa abale a bambo. Bambo athu atatisiya udindowu unagwera ine, mwana woyamba. Komanso ndili ndi benchi yotchajira mafoni pamsika, ndiye anthu amati ndimadziwa zakunja.

Mu Novembala 2021 mng'ono wanga anadalitsidwa ndi mwana wamkazi. Mlamu ankafuna Chisomo. Dzinalo ndi lokoma, koma ladzaza. Pitani kusikelo tsiku lililonse, alangizi a zaumoyo akangoitana kuti "Chisomo", amayi theka la mzere amadzuka, ena ndi ana aamuna, ena aakazi, mabuku n'kusokonekera. Ine ndinati tisunge tanthauzo koma tisinthe kamvekedwe, akhale Ana. Dzinali ndi la Chiheberi, lochokera kwa Hana, mayi a mneneri Samueli, ndipo limatanthauza chisomo chomwecho, kukomeredwa mtima. Mu Luka mutu 2 muli mneneri wamkazi Anna amene sankachoka m'kachisi, ndipo Akatolika amakumbukira Anna Woyera, mayi a Maria, pa 26 Julayi. Ife akumalire timalemba ndi n mmodzi monga Apwitikizi, pakuti maina athu ambiri anachita kuwoloka kuchokera ku Mozambique. Zuze ndi José, Juwawo ndi João, ndipo Alufandika ndi alfândega, ofesi ya kasitomu chabe, koma lero ndi dzina la mabanja olemekezeka. Onse anaomba m'manja, ntchembere zinalulutira, ine ndinadya chiwindi cha nkhuku.

Pa 24 Januwale 2022 mvula inayamba yosaona kumwamba. Wailesi inati namondwe wotchedwa Ana wagumula damu la magetsi la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 atayika, dziko lili mumdima, msewu waduka. Amayi anayang'ana khanda lili kumsana kwa mlamu, la miyezi iwiri, losatha ndi kukhala komwe, kenako n'kutembenukira kwa ine. "Wamva zimene wachita mwana wako uja?" Nthawi imeneyo anthu anangoseka. Mu Malichi kunabweranso namondwe wina, Gombe, ndipo anandithandiza, chifukwa m'mudzi monse munalibe mwana amene ndinamutcha Gombe.

Kumapeto kwa Januwale 2023 mng'ono wanga wina anabereketsa mwana wamwamuna. Iye anati, "Achimwene, ine ndikufuna lachizungu, loti akadzalembera ntchito lizioneka bwino papepala." Ndinafufuza mosamala. Freddy ndi chidule cha Frederick, dzina la Chijeremani, kwawoko amati Friedrich. Mbali yoyamba ndi mtendere, yachiwiri ndi wolamulira: mfumu ya mtendere. Ena amafupikitsa Alfred motero, koma limenelo ndi dzina lina, la Chingerezi chakale, ndipo limanena za uphungu wa timizimu ta m'nthano zawo. Banja lathu ndi lopemphera, ndiye ndinanenetsa kuti wathuyu ndi wa Frederick. Ndinatchula Frederick Chiluba, amene analamulira Zambia kuyambira 1991 mpaka 2002. Kunalinso Frederick wina, mfumu ya Prussia kuyambira 1740 mpaka 1786, amene ndi dzina lake la mtenderelo anatha zaka zambirimbiri akumenya nkhondo. Ameneyo sindinamutchule, poti palibe anandifunsa.

Apa ndikufuna zimveke bwino, chifukwa pabwalo sanandipatse mpata. Ine ndinatcha mwana Febuluwale atangoyamba kumene. Azanyengo a ku Australia anatcha namondwe wawo Freddy pa 6 Febuluwale. Ngati pali wina anaonera mnzake, si ine.

Namondweyo anabadwira kutali, kumpoto chakumadzulo kwa Australia, n'kuwoloka nyanja yonse ya Indian. Pa 21 Febuluwale anagunda Madagascar, pa 24 analowa mu Mozambique cha ku Vilankulo. Anzanga pamsika anayamba kundinong'oneza, ine n'kumati musadandaule, wathera komweko. Koma anabwerera kunyanja, kukatenga mphamvu pamadzi ofunda, n'kubweranso, ngati mlendo amene watsanzika, mwamuperekeza mpaka kumsewu, kenako mukumuona pakhomo akuti waiwala chipewa. Pa 11 Malichi anatulukira cha ku Quelimane, ndipo pa 13 boma linalengeza kuti kum'mwera kwagwa tsoka. Anakhala masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wodziwika amene anakhalitsa chonchi. Zimene anachita ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu sindiseka nazo. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Ndipo madzi ambiri ogwa kumapiriko amatsika ndi Ruo ndi Shire kudzagona kwa ife.

Tinathawira pasukulu ina yakumtunda. Atabwera olemba maina a olandira ufa ndi zofunda, amayi ndi amene anaima pamzere, zidzukulu ziwiri, china kumsana, china pamkono. Mnyamata wolembayo anali atatopa kale.

"Agogo, maina a anawa?"

"Ana."

"Eya, anawo. Maina awo."

"Ndanena kuti Ana. Ana ndi Freddy."

Mnyamata anaika cholembera pansi. "Agogo, sitikufunsa chimene chakubweretsani kuno. Tonse tikudziwa. Tikufunsa maina a ana."

Amayi anamasula kansalu, n'kutulutsa mabuku awiri akusikelo atakulungidwa m'jumbo ya shuga, ouma bwinobwino ngakhale china chilichonse m'nyumba chinanyowa. Mnyamata anawerenga loyamba, anawerenga lachiwiri, n'kuitana mnzake kuti adzaone. Kenako anafunsa kuti anatcha ndani. Mzere wonse, anthu oti akhala osaseka sabata yathunthu, unatembenuka n'kundiloza ine ndili potero ndi thumba la machaja. Mayi wina anakuwa kuti, "Bambo, wachitatu mukadzamutcha mudzatiuziretu, tidzasamutse mbuzi!"

Madzi ataphwera, akuluakulu anandiitanitsa. Ndinapita nditakonzeka, foni ili yodzaza. Ndinawafotokozera kuti maina a anamondwe a mbali yathu ino salotedwa usiku. Amalembedwa kale pamndandanda, ndipo amapereka ndi maiko a m'chigawo chino, Malawi ali momwemo. Idai wa 2019 anapereka ndi a ku Zimbabwe. Mphepo ikafika pamlingo wake, azanyengo a ku Mauritius kapena a ku Madagascar ndi amene amaipatsa dzina lotsatira pamndandandapo, kuyambira pa A nyengo iliyonse. Ana anali woyamba wa nyengo yake, Gombe wachisanu ndi chiwiri pamndandandapo. Freddy yekha anabwera ndi dzina lake kuchokera ku Australia, ndipo lamulo ndi loti namondwe akawoloka malire sasinthidwa dzina.

Atsibweni anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Kenako anati, "Wafotokoza bwino, mphwanga. Ndiye kuti maina onsewa umawadziwiratu." Ndinati ayi, ndawadziwa pambuyo pake. Amayi anangoti, "Nkhabe." Anandilipitsa tambala ndi thadzi. Tambalayo ndinadya nawo, koma chiwindi chinapita kwa atsibweni.

Panatsala nkhani ya mwana. Mlamu ankafuna dzina lichotsedwe, poti kulikonse kumene wapita anthu ankamufunsa ngati mwanayo amagona usiku kapena amangozungulira. Koma dzina likalowa m'buku lakusikelo, m'kaundula wa kutchalitchi ndi pachikalata chakubadwa, kulizula ndi ntchito ya mapepala ndi maulendo a kuboma, ndipo likasiyana pena ndi pena mwana amadzavutika nalo pamayeso ndi pachitupa cha unzika. Anagwirizana kuti lapapepala likhale, koma pakhomo aziitanidwa dzina lina. Amayi anaganiza kanthawi n'kuti akhale Mtendere. Ndinakweza dzanja kuti ndinene kuti ndi lomwelo ndinatcha ine, kungoti m'Chijeremani. Atsibweni anandifunsa ngati ndili ndi nkhuku zina.

Kwa amene akadali ndi ufulu wotcha, nazi zimene ndapeza. Mwana wobadwa pakati pa Novembala ndi Epulo, yambani mwaona mndandanda wa nyengo imeneyo pafoni, umapezeka poyera. Zilembo zoyambirira ndi zimene zili pangozi, chifukwa kawirikawiri nyengo imatha asanafike pa M. Thokozani, Yamikani ndi Zione angathe kugona tulo. Chovuta ndi mndandanda wa ku Australia, umene suyambiranso pa A chaka chikatha, umangopitirira pamene unalekera, ndiye chilembo chilichonse chili ndi tsiku lake.

Chigamulo ndinachisunga. Chakumapeto kwa 2024 tinali kuonera mpira wa Real Madrid pavidiyo ya pamsika, mnzanga wakabaza ali pambali panga, mkazi wake ali woyembekezera. Jude Bellingham atagwira mpira, ndinangoti dzina la mnyamata uyu ndi labwino, ndi Yuda wa m'Baibulo, mwana wa Leya, ndipo limatanthauza kutamanda, ngati Tamandani. Sindinamuuze kuti atche. Sindinapite kuchikuta, sindinagule nsalu, ndipo mboni zilipo. Iye yekha ndi amene anakalembetsa mwana wake kuti Jude.

Pa 10 Malichi 2025 namondwe wakhumi pamndandanda wa nyengo imeneyo analowa mu Mozambique kudera la Nampula, akulunjika kuno. Dzina lake simufunika kuuzidwa. Tsiku lomwelo mvula isanayambe n'komwe, ndinaona mdzukulu wa atsibweni akubwera pabenchi panga, wanyamula chingwe chomangira mbuzi. Anati agogo akuti ulendo uno nkhuku sizikwana.