Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Bala ya Lola ku Bretforton

Ndinalekezera pomwe ndinasiya ntchito yolongedza ndiwo zamasamba m'makatoni kufupi ndi tauni ya Evesham ku England n'kuyamba yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Mwa anthu amene anandipatsa munali abambo ena a zaka zoposa 80, omwe kale ankalima katsitsumzukwa. Miyendo inali itawakana, koma Lachisanu likakwana ankafuna ndiwaperekeze ku Fleece Inn, bala ya m'mudzi wa Bretforton ku Worcestershire. Ine mwana wa mkulu wa mpingo ndinkalowamo mwamanyazi, n'kumamwa madzi a maapozi pakona.

Mbiri ya malowo ndinaimva kwa iwo, pang'onopang'ono. Nyumbayo inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400 ndi mlimi wina wotchedwa Byrd, ndipo poyamba inali nyumba chabe ya pafamu. Mowa anayamba kugulitsamo mu 1848. Chodabwitsa n'choti nyumba sinachoke m'manja mwa banjalo mpaka 1977, pomwe anamwalira mdzukulu womaliza, mayi wotchedwa Lola Taplin. Zaka pafupifupi 30 zomaliza anayendetsa balayo yekhayekha.

Abambo aja ankamudziwa Lola. Akayamba za iye, mowa unkafunda m'tambula. Ankati anali wosanyengerera munthu, ndipo zakudya m'bala mwake sankazifuna: wabwera kudzamwa, imwa, njala ikakupweteka pita kwa mkazi wako. Lero anthu amadyeramo nyama ndi mbatata, ndipo abambowo ankapukusa mutu mbale zikamadutsa. "Akanakhalapo Lola, mbale zonsezi zikanatulukira pawindo," ankatero.

Tsiku lina anandilozera ndi ndodo pansi, patsogolo pa malo osonkhapo moto. Pamiyala yosalala ndi mapazi a anthu panali mizere yoyera yozungulira. Ndinkayesa ana ankaseweretsa choko. Ayi ndithu, inali yotchinga mfiti kuti zisatsikire m'chumuni n'kulowa m'nyumba. Lola ankaonetsetsa kuti mizereyo isafufutike, ndipo mpaka pano amaisunga. Ndinaseka mpaka anthu kucheuka. Agogo anga ku Ntcheu anatsirika nyumba yawo, aphunzitsi a Sande sukulu n'kutiuza kuti zimenezo n'zachikunja zomwe azungu anasiya kalekale. Tsono apa ndinali pakati pa England, ndikuyang'ana nyumba yotsirika, anthu akumwa mowa pambali pake osaona chachilendo. Abambo aja sanaseke. "Iwe ukuona mfiti muno?" anandifunsa. Ndinati ayi. "Ndiye kuti ikugwira ntchito."

Lola anasiyira nyumbayo bungwe la National Trust, lomwe limasunga nyumba ndi malo akale ku England, Wales ndi Northern Ireland. Bungwelo limachititsa lendi kwa munthu woyendetsa bala. Apa mpamene Fleece inachita mwayi. Mabala ambiri a m'midzi anali a makampani ofulula mowa. Boma litalamula mu 1989 kuti makampani akuluakulu achepetse mabala awo, ambiri anagulidwa ndi makampani ena a mabala okhaokha, ndipo woyendetsa bala ankalipira lendi komanso kukakamizidwa kugula mowa kwa eni nyumba pamtengo wawo. Kenaka kunabwera lamulo loletsa kusuta fodya m'kati mu 2007, mowa wa m'masitolo n'kumatchipa. M'midzi ina yomwe ndinkapitako kukasambitsa okalamba, bala inali itasanduka nyumba yogona, pakhoma patangotsala chitsulo chokolekapo chikwangwani.

Nayo Fleece inatsala pang'ono kutha. Mu February 2004 denga laudzu linagwira moto ndipo nyumba inawonongeka kwambiri. Katundu wambiri wakale anapulumutsidwa, kuphatikizapo mbale zotuwa za chitsulo chotchedwa pewter zomwe zandandalikidwa pashelefu, ndipo mu 2005 anatsegulanso. Ena amati pano pakhala ngati malo a alendo odzajambula zithunzi. Ine sindikuvomereza kwenikweni, chifukwa Lachisanu madzulo odzaza mipando anali a m'mudzi momwemo, akukangana za mvula ndi mitengo ya mbewu.

Chaka chilichonse nyengo ya katsitsumzukwa ikafika, pabwalo la balayo pamachitika okushoni ya mitolo yake. Kumeneko n'kumene abambo aja anandikumanitsa ndi mlimi amene anadzandipatsa ganyu ya Loweruka, ndipo nkhani ya ganyu imeneyo ndi ya gawo lotsatira.