Lero ndapumira mwana mkamwa

Loweruka usiku. Manja akali kunjenjemera pomwe ndikulemba izi, nsima yandikanika kudya.

Masana ndinali kuchapa pakhomo mvula itangokata, ndiye ndangomva azimai akukuwa cha kumunsi kwa komboni kwathu kuno ku Mchini, kuja anyamata anakumba maenje poumba njerwa, lomba adzaza madzi ngati damu. Kufika ndapeza amuvuula kale mwana wa a neba, kamnyamata ka giredi 2, kali gone pamatope milomo itatuwa. Ambuya ena akuti mugwireni miyendo mumuzondotse madzi atuluke, wina akufuna kumufinya pamimba. Ndinati ambuya pepani ndipatseni malo, mwanayu akufuna mpweya, madziwo asiyeni.

Chaka chatha ku nchito anatiphunzitsa first aid pa chidole chija chalabala, sindinaganizepo kuti ndidzachita pa mwana yemwe ndimamutuma sopo ku kantemba. Ndagwada, ndaika khutu pakamwa pake, zii, chifuwa osakwera. Ndauza mnyamata wina thamangira motoka ku msewu. Kenako ndapendeketsa mutu chagada pang'ono, kukweza chibwano, kutsina mphuno, pakamwa panga pa pake nkuuzira kasanu, chifukwa womira m'madzi umayamba ndi mpweya. Koyamba sikanalowe, ndakonzanso chibwano ndiye ndaona kachifuwa kakukwera. Apo ndayamba kudinikiza pakati pa chifuwa ndi dzanja limodzi poti ndi mwana, ka 30, kuuzira kawiri, ka 30 kuuziranso kawiri, mwachangu ndithu, paja amati 100 mpaka 120 pa mphindi.

Kumbuyo wina amanong'ona kuti asisi mutenga matenda. Zinandiwawa koma ndikumvetsa, anthu sadziwa kuti mpweya womwe timatulutsa ukali ndi oxygen pafupifupi 16 peresenti pomwe wakunja uli ndi 21, wokwana kusunga munthu, ndipo ubongo ukakhala mphindi 4 zokha wopanda mpweya umayamba kuonongeka. Tikanati tidikire motoka kaya.

Sindidziwa ndinabwereza kangati, maondo anachita dzanzi. Mwadzidzidzi katsokomola, kasanza madzi amatope ndi mango omwe kanadya, ndakagoneka chammbali kuti masanzi asabwerere kukhosi, kenako kalira. Amake anangodzigwetsa pansi.

Atate ake amati basi wachira tipite naye kunyumba akasambe, ndawakaniza. Madzi akalowa m'mapapo mwana amatha kudzavutika kupuma patapita maola. Tapita naye ku Chipata Central Hospital ndipo amugoneka kuti amuone usiku uno, amake andiimbira foni posachedwapa kuti wamwa tiyi ndipo akufunsa patapata wake.

Mkamwa mwanga mukali kumveka dothi ngakhale ndatsuka kawiri. Mawa tikaweruka ku tchalitchi ndipita kwa a tcheyamani a komboni, maenje aja tikwirire, ana amasewera pomwepo tsiku lililonse.