Mtedza wabwino ku sikelo, wachuku m'phala la mwana

Miyezi ya Meyi ndi Juni, aliyense wodutsa ku Kamwendo, ku Mkanda kapena ku Kapiri amaona zofanana: masikelo a mavenda ali lende pamitengo, amayi ali pamphasa ndi malichero kusankha mtedza. Wonenepa, wa khungu losalala, ukupita m'thumba la kumsika. Wonyala, wosweka, wofumbwa ndi wakuda ukugwera m'kambale kapambali. Kambale kameneko ndi kamene kamandidetsa nkhawa, chifukwa pofika madzulo kali mumtondo, nsinjiro zake n'kutendera nkhwani kapena kulowa m'phala la mwana.

Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Kuno ku Mchinji tili ndi mwayi, popeza mtedza umatipatsa zomanga thupi ndi mafuta pakamodzi, ndipo ndi wolima tokha. Koma mtedza womwewo ukagwidwa ndi chuku umakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi pang'onopang'ono. Kawirikawiri munthu sagwa tsiku lomwelo. Zimatenga zaka, n'kudzathera ku khansa ya chiwindi, makamaka kwa amene ali kale ndi kachirombo ka hepatitis B, koyambitsa matenda a chiwindi. Kwa ana, poizoniyu amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo amapezeka kwambiri mwa ana okwinimbira.

Ambiri amati akakazinga ndiye kuti zatha. Ayi ndithu. Moto wa pamafuwa umapha nkhungu, koma poizoni amene nkhunguyo yasiya kale amatsala, kaya mwakazinga, mwawiritsa kapena mwasinja chiponde. Komanso poizoniyu saoneka ndi maso. Njere yowawa mkamwa ndi yolavula, koma ina yoipa imatha kudutsa osamveka chilichonse.

Vutoli limayambira kumunda. Mvula ikadula msanga makoko akukhwima, mbewu imafooka, dothi limatentha, nkhungu n'kulowa. N'chifukwa chake kubzala ndi mvula yoyamba ndiponso kutseka mizere kuti madzi asathawe n'kofunika. Pokumba, khasu likatema khoko ndiye kuti mwatsegulira nkhungu khomo. Kuchedwa kukumba nakonso n'koipa: chiswe chimaboola makoko, ndipo ambiri amatsalira m'nthaka. Zulani phata limodzi, muswe makoko angapo. Mkati mwa khoko mukada, mtedza wakhwima.

Poumitsa m'pamene ambiri timalakwitsa. Kuyanika padothi, usiku mame n'kugwera, m'mawa dzuwa n'kuwomba, ndi momwe chuku chimakondera. Unjikani mapata mozungulira n'kusiya mpata pakati woti mphepo izidutsa, makoko asagunde dothi, monga alangizi amaonetsera pa njira ya Mandela cock. Mukathothola, yanikani pamphasa, palona kapena pathandala. Mtedza wouma umalira mukagwedeza khoko, ndipo njere mukailuma imasweka kuti khwa, osati kuphwatalala. Sungani uli m'makoko, m'matumba olowa mphepo, pamitengo yotalikirako ndi pansi, osatsamiritsa kukhoma. Muziswa wokwanira masiku ochepa okha.

Pali chizolowezi china chimene ndikanakonda chitatheratu: kuwaza madzi pamakoko kuti afewe poswa, kapena kuti thumba lilemere pa sikelo. Zala zimapepukidwa zoona, koma mtedza umene munavutika kuumitsa milungu ingapo mwaubwezera chinyontho, kenaka mwaumanga m'thumba muli kutentha. Pakangopita masiku ochepa nkhungu yayala. Amene adzadye mtedzawo ndi mwana wa munthu wina ku Lilongwe, kapenanso wanu yemwe mukadzagula nsinjiro pamsika mwezi wa Januwale.

Chimanga nachonso chimagwidwa chuku chomwechi. Chimanga chowola sichoyenera kupita kuchigayo, ndiponso sichoyenera kufulira thobwa.

Tsono phala la mwana likhale lotani? Kuyambira miyezi 6, mwana akupitiriza kuyamwa, tengani makapu 4 a chimanga chosakonola ndi kapu imodzi ya soya. Soya wosaphika amavuta kugayika m'mimba, choncho muyambe mwamukazinga mpaka afiirire pang'ono, kapena mumuthire ali wouma m'madzi owira kale kwa mphindi pafupifupi 30, n'kumuyanika. Mukayamba mwamunyika m'madzi ozizira amatulutsa fungo lija ana amakana nalo phala. Gayitsani pamodzi. Pophika, thirani supuni imodzi ya nsinjiro za mtedza wosankha bwino, ndi masamba osinja kapena dzira likapezeka. Phala likhale lolimbako, losayoyoka pasupuni. Lamadzimadzi limadzaza kamimba popanda chopatsa thupi. Akuluakulu nafenso mgaiwa umatipatsa zambiri kuposa ufa woyera, umene umataya zofunikira pokonola ndi ponyika mphale. Ndipo ndiwo zotendera sizifuna mchere wodzaza dzanja: bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, kamene ndi kasupuni ka tiyi kamodzi pa zakudya zonse za tsikulo.

Posankha mtedza, yambani mwapatula wa pakhomo, thumba kapena awiri a wabwino weniweni, wotsalawo ndiye upite kwa venda. Wa m'kambale kaja musapatse ng'ombe yamkaka, chifukwa poizoniyo amatulukira mumkaka, ndipo nkhuku zikaudya zimafooka n'kuchepetsa kuikira. Kumbani dzenje lakuya kutali ndi chitsime n'kuukwirira, kapena muutenthe.